ZA ULENDO WATHU WA KU MUA PA NJINGA YAMOTO

Makolo athu pofuna kutsika kuchokera ku mapiri a Dedza kunka ku chigwa cha kunyanja, ankalawira tambala woyamba, kamba wa chimanga chokazinga ali m'thumba, nayenda pansi tsiku lathunthu, mwinanso kugona panjira. Lero ulendo womwewo munthu amautha dzuwa lisanafike paliwombo, chifukwa njinga yamoto, imene akale ankaitcha mthuthuthu, yalowa pafupifupi m'mudzi uliwonse. Ndiyo imanyamula mbatatesi kunka nayo kumsika, ndiyo imathamangira ndi wodwala kuchipatala, ndipo mabanja ambiri akudya nsima chifukwa mnyamata wawo ali pa kabaza. Tsono chinthu chimene banja lonse likudalira chotere, nkoyenera kuti onse a pakhomopo adziweko matenda ake, ngakhale iwo amene sayendetsa. M'chilimwe chapitachi tidayenda ulendo wa ku Mua pa njinga ziwiri, ndipo tifuna kukusimbirani za njirayo, pamodzi ndi za nthenda imodzi imene tidaipeza pa njinga zitatu tsiku limodzi, ndiyo ya mafuta okana kufika ku injini.

Pa Dedza

Boma la Dedza lili pamwamba ndithu, mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa madzi a nyanja zamchere, ndipo phiri lake limafika mamita 2,198. Nchifukwa chake ngakhale m'chilimwe, m'mawa mwake mumazizira, ndipo tidanyamuka titavala majekete. Pa njinga yachiwiri padali bambo wina wachikulire, mmisiri wa njinga zamoto, amene ankapita kukazonda mlongo wake ku Mtakataka. Tisanalize injini, bamboyo adagwada nalondola ndi chala chake njira yonse ya mafuta pa njinga zonse ziwiri, kuyambira pa chivindikiro cha thanki kufikira pa kabuleta.

Titamfunsa chifukwa chake, adatiyankha kuti, "Abale anga, njinga zambiri za kuno zilibe chopopera mafuta. Petulo amatsika yekha monga madzi a mumtsinje, chifukwa thanki ili pamwamba ndipo injini ili pansi. Njira yake ndi yaifupi, yosakwana mkono, koma anthu ambiri amene ndimawapeza akukankha njinga, vuto lawo limakhala pa mkono womwewo."

Njirayo ili motere. Kunsi kwa thanki kuli kampopi ka mafuta, kamene pali malemba akuti ON, OFF ndi RES. Kuchokera pa kampopi, paipi ya mphira imatsika kunka ku kabuleta, kumene petulo amasakanizika ndi mpweya asanalowe mu injini. Chimene ambiri sadziwa ndi ichi: kampopiko kali ndi timipope tiwiri timene timaima m'kati mwa thanki, kena kakatali, kena kakafupi, ndipo tili ndi kasefa kotchinga zinyalala. Mukaloza pa ON, petulo amalowera pa kampope kakatali. Akachepa kufikira pansi pa kamwa lake, injini imayamba kutsokomola ngakhale m'thanki mukadali mafuta. Pamenepo mumapotoza kunka pa RES, ndipo petulo wotsalayo amalowera pa kampope kakafupi. Palibe thanki yachiwiri yobisika monga ena amaganizira. Thanki ndi imodzi, makomo ndiwo awiri. Mwini njinga aliyense adziwe bwino kumene muvi wa kampopi kake umaloza, pakuti njinga zimasiyana, ndipo wina amayenda mwezi wathunthu pa RES osadziwa, kufikira tsiku limene mafuta adzamthera kutali ndi mudzi popanda chomchenjeza.

Pa Masasa

Tidatsata msewu waukulu wa M1 wolowera ku Ntcheu, tidapitirira mphambano ya ku Bembeke, ndipo tidayenda m'mbali mwa malire a Mozambique, pakati pa minda ya mbatatesi ndi kabichi. Pa Masasa mpamene munthu wopita kunyanja amasiya msewu waukulu, nakhotera kumanzere. Pomwepo tidapeza mnyamata atatsitsa matumba atatu a mbatatesi, akuponda njinga yake mpaka thukuta kamukamu, koma iyo osalira.

Mmisiri adaima namfunsa kuti, "Mwana wanga, yayamba bwanji?"

Mnyamata adati, "Bambo, imayenda bwinobwino. Mafuta atachepa ndapotoza pa RES, yangoyenda pang'ono nkuzima."

Mmisiri adatseka kampopi, nazula paipi ku mbali ya kabuleta, nailozetsa m'botolo loyera, natsegulanso pa RES. Ataliimika botolo padzuwa, tonse tidaona kuti zamadzizo zagawikana pawiri: pamwamba petulo, pansi madzi a dzimbiri. Madzi ndi olemera kuposa petulo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu yathunthu, pamene ya petulo imalemera magalamu pafupifupi 750. Motero dontho lililonse la madzi lolowa m'thanki limakakhala pansi penipeni, pamodzi ndi mchenga ndi dzimbiri, ndipo khomo la RES ndilo limayamba kumwa zimenezo. Madziwo amachokera m'zigubu ndi m'mabotolo osauma amene anthu amasungiramo mafuta, amachokeranso ku mvula yolowera pa chivindikiro chotha. Ndipo ku malo ozizira monga Dedza, thanki yosadzaza imachita mame m'kati mwake usiku.

Adamasula kakapu kamene kali kunsi kwa kampopi, nataya matope adali m'menemo, natsuka kasefa ndi petulo woyera; kenaka adamasula kasikuluwu ka pansi pa kabuleta kuti madzi okhala m'mbale yake atuluke. Ataponda kachitatu njinga idalira. Potsazikana adamlangiza kuti azisefa mafuta pa nsalu yoyera powathira, ndiponso kuti nthawi ndi nthawi aziyendako pa RES ali pafupi ndi kwawo, kuti zinyalala zisaunjikane kudikira tsiku loipa.

Pa Khwekhwelere

Msewu wochoka pa Masasa kutsikira ku Golomoti anthu amautcha Khwekhwelere, ndipo dzinali silinama. Poyamba umayenda pa chitunda pakati pa midzi, kenaka dziko limangotseguka kutsogolo, ndipo msewu umayamba kupindika uku ndi uku monga njoka yotsika pa thanthwe. Kumunsi kutali kumaoneka chigwa chonse chayala ngati mphasa, ndipo kuseri kwake nyanja ikung'anima, mapiri a ku Nankumba ataima m'mbali mwake. M'mphepete mwa msewu muli amisiri osema timagalimoto, tindege ndi tinjinga ta mitengo, ta mawilo ozungulira ndithu, timene alendo amaima kugula. Mapaini a ku Dedza adatsala m'mbuyo, mitengo ya tsanya ndi milambe idatidikira kutsogolo, ndipo pa mtunda uliwonse mphepo inkafunda kuposa pa unzake. Kuchokera ku Dedza kufika pa madzi a nyanja, amene ali mamita pafupifupi 470, munthu amatsika mamita oposa 1,000, ndipo makutu amatseka natsegukanso.

Chapakati pa chitsikirocho, pamalo pamene msewu umayamba wakwera pang'ono usanatsikenso, tidapeza njinga ya kabaza itaima. Pambali pake padakhala mayi ali ndi mwana wa zaka ngati ziwiri pamiyendo, mwanayo ali lefu, maso otseka. Adatiuza kuti thupi lidayamba kutentha dzulo lake, usiku adakomoka kamodzi, ndipo ali pa ulendo wa ku chipatala cha Mua. Woyendetsa njinga adali atayala kale nsalu pafumbi, atachotsa pulagi, sipanala ili m'manja kuti ayambe kumasula kabuleta yonse.

Mmisiri adati kwa mayiyo, "Mayi, sunthirani pamthunzi apo, mum'mwetse mwana madzi pang'onopang'ono. Musataye mtima." Ndipo adatembenukira kwa mnyamata nati, "Mphwanga, yamba waika sipanalayo pansi. Kabuleta ukaimasula pafumbi pano, dzuwa lilowa tikufunafuna kasipuling'i. Tandiuza mmene ikuchitira."

Mnyamata adati, "Bambo, aka nkachinayi. Imayenda kamtunda ndithu, kenaka imafooka nkuzima. Ndikadikira nthawi imaliranso, koma ulendo uliwonse ikuyenda pang'ono kuposa poyamba. Mafuta alimo ambiri, ndathira m'mawa."

Ife tidapangana kuti ngati njinga sidzuka msanga, mmodzi wa ife atsale pamenepo ndipo mayi ndi mwana akwere yathu. Koma mmisiri adapempha mphindi zisanu. Adabwezera pulagi m'malo mwake, nazula paipi pa kabuleta monga adachitira pa Masasa, nailozetsa m'botolo. Petulo adatuluka woyera, wopanda madzi, koma ofooka. Posachedwa adasanduka madontho, kenaka adaleka. Pamenepo adauza mnyamata kuti atsegule chivindikiro cha thanki. Taonani, chitangomasuka tidamva kuti fyuu, mpweya ukulowa, ndipo nthawi yomweyo petulo adathamanga m'botolo mwamphamvu. Kunsi kwa chivindikiro kudali kapepala ka pulasitiki kopinda kawiri, kamene mnyamata adaikapo m'mawa womwewo chifukwa mafuta ankamwazikira pa thalauzi lake m'mabampu a njira ya kumudzi.

Chifukwa chake ana omwe amachidziwa. Akamiza phesi la papaya m'madzi natseka kumwamba kwake ndi chala, madzi sagwa ngakhale alitukule. Akachotsa chala madzi amatsika. Thanki nayo ili chimodzimodzi. Pa chivindikiro pali kabowo kakang'ono kopumira, kuti pamene petulo akutsika, mpweya uzilowa m'malo mwake. Kabowoko kakatsekeka, ndi pulasitiki, ndi fumbi, kapena ndi utoto, thanki imagwira mafuta ake osawalola kutsika. Ndipo pa Khwekhwelere vutoli limakula, pakuti mpweya wa kuchigwa ndi wolemera kuposa wa kuphiri: botolo la pulasitiki lopanda kanthu limene mwalitseka ku Dedza mumalipeza litafinyika pofika ku Golomoti. Thanki yotsekedwa pamwamba pa phiri imavutika motero pamene ikutsika.

Mmisiri adataya kapulasitiko, nabowola kabowo ndi kawaya kakang'ono, nabwezera paipi, ndipo njinga idalira pa kuponda koyamba. Adauza mnyamata kuti mankhwala a mafuta omwazika ndi kugula kamphira katsopano ka m'chivindikiro, ndi kuleka kudzaza thanki mpaka pakamwa. Mayi adawomba m'manja nati, "Zikomo bambo, mwatithandiza." Adabereka mwana, nakwera, ndipo ife tidawatsata pambuyo mpaka pansi pa phiri. Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Mphindi zisanu za kufunsa ndi kuyesa zidapulumutsa maola amene mwana uja adalibe.

Pa Golomoti

Ku Golomoti tidavula majekete. Kuno ndi dziko lina, la milambe, bwemba ndi masawu, la thonje ndi mbuzi, ndipo dzuwa lake limaswa mtengo. Pano msewu wathu umakumana ndi wa M5 wochoka ku Balaka kunka ku Salima, ndipo wina umapitirira kunka ku Monkey Bay ndi Mangochi. Panonso pamadutsa njanji imene idafika ku Salima m'chaka cha 1935, ndipo kuyambira 2022 pali munda waukulu wa magalasi otchera dzuwa, wopanga magetsi okwana mamegawati 20. Njinga ya mayi uja idakhotera kumpoto osaima. Ife tidapuma pansi pa mtengo pamene anyamata amakonzera njinga, ndipo pomwepo tidapeza nthenda yachitatu.

Bambo wina adali ndi njinga yokulirapo, imene adaichotsa thanki dzulo lake kuti aitsuke. Ataibwezera, njinga inkangolira pang'ono nkuzima. Kampopi kake kadali ka mtundu wina: kalibe OFF, koma kali ndi ON, RES ndi PRI, ndipo kali ndi mapaipi awiri, ina yonenepa, ina yoonda. Yonenepa ndiyo ya petulo. Yoonda simuyenda mafuta ayi. Imachokera pa khosi la injini, pakati pa kabuleta ndi injiniyo, ndipo ntchito yake ndi kuyamwa. Injini ikalira imayamwa mpweya kudzera m'paipi yoondayo, ndipo kuyamwako kumakoka kachikopa kopyapyala ka mphira kamene kali m'kati mwa kampopi, khomo la mafuta nkutseguka. Injini ikazima, khomo limadzitseka lokha. Koma pa PRI khomo limakhala lotseguka nthawi zonse, kuti mudzaze kabuleta youma.

Mmisiri adapotoza kunka pa PRI, nadikira pang'ono, ndipo njinga idalira osazimanso. Adati, "Achimwene, injini yanu ilibe mlandu, ngakhale kabuleta. Mlandu uli pa paipi yoonda kapena pa kachikopa." Atatukula thanki, paipi yoonda idapezeka yopanikizika pakati pa thanki ndi chitsulo cha msana wa njinga, ndipo idali itang'ambika kunsonga. Adadula kong'ambikako naipititsa pamalo pake pomasuka. Adaonjeza kuti munthu akazula paipi yoondayo napeza m'kati mwake muli petulo, adziwe kuti kachikopa kabooka, ndipo injini ikumwa mafuta kudzera pa khomo la mpweya. Zizindikiro zake ndi utsi wakuda, pulagi yonyowa ndi mafuta osachedwa kutha.

Koma chimene chidatiopsa koposa chidali pa paipi yonenepa. Idali ya pulasitiki yoonekera m'kati, yonga ya madzi, yaitali kuposa muyeso, ndipo idayamba yakwera m'mwamba, kenaka nkutsika itatsamira pa mutu wa injini. Pamene idakhudza chitsulo padali patapsa pofiirira, ndipo idauma gwa ngati nyanga. Mmisiri adaichotsa, nagula ina yakuda yopangidwira petulo, ndipo poiika adawerengera anyamata onse adali pamenepo malamulo ake. Paipi itsike njira yonse kuchokera pa kampopi kufika pa kabuleta, osakwera paliponse, chifukwa pokwera pamakhala mpweya wotchinga mafuta. Isatalike mpaka kupindika, pakuti popindika pamatsekeka, makamaka ikafewa ndi kutentha. Isafupikenso mpaka kukungika, pakuti injini ikamanjenjemera idzazuka. Italikire mutu wa injini ndi ekizozi. Ngati pakati pali kasefa, muvi wake uloze ku kabuleta. Nsonga zonse ziwiri zimangidwe ndi timawaya take tomangira. Ndipo timapaipi tina tolendewera kunsi kwa kabuleta, tosalumikizidwa kwina kulikonse, tisatsekedwe kapena kumangidwa mfundo, chifukwa ndi topumira ndi totayira mafuta osefukira.

Pa za mtundu wa paipi tionjezepo ichi. Kuyambira m'chaka cha 1982, pamene ku Dwangwa adayamba kutcheza mowa wa mafakitale kuchokera ku zotsalira za nzimbe, dziko la Malawi lakhala likusakaniza mowawo mu petulo. Mafuta otere amayendetsa bwino injini, koma amakoka chinyezi, ndipo amaumitsa kapena kufewetsa msanga mphira ndi pulasitiki zosapangidwira ntchitoyi. Paipi yotsika mtengo imene yang'ambika pamwamba pa injini yotentha yawotchetsa njinga, ndipo ikhoza kuwotcha miyendo ya wokwera.

Pa Mua

Kuchoka ku Golomoti tidatsata M5 kumpoto, phiri limene tidatsika lili kumanzere kwathu ngati linga, mpaka tidakhotera kunka ku Mua, patsinde pake penipeni. Malowa adayamba m'chaka cha 1902, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe, umene umatsika pa miyala kuchokera kuphiri. Pali chipatala, palinso malo a Kungoni amene adakhazikitsidwa mu 1976, kumene amisiri amasema ziboliboli ndipo kumasungidwa mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Pa chipata cha chipatala tidaona njinga ya kabaza ija itaimikidwa pamthunzi, ndipo mwini wake adatiuza kuti mwana amlandira ndipo wayamba mankhwala a malungo. Mmisiri adatitsazika napitirira ulendo wake wa ku Mtakataka.

Mawu otsiriza akhale a inu amayi ndi abambo amene mumagona nyumba imodzi ndi njinga, pakuti tidziwa kuti poopa akuba ambiri amailowetsa m'nyumba usiku. M'kabuleta muli kasingano kamene kamatseka petulo mbale yake ikadzaza, koma kamchenga kamodzi kokha kakhoza kukalepheretsa kutseka. Kampopi kakatsala kotsegula, mafuta amadontha usiku wonse, ena pansi, ena m'kati mwa injini kumene amasungunula oyilo. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya; siikwera kudenga ngati utsi, koma imakwawa pansi, kumene kuli mbaula, koloboyi ndi mphasa za ana. Tsono njinga isanalowe m'nyumba, injini izizire, kampopi kakhale pa OFF, ndipo ngati ndi ka mtundu wa mapaipi awiri kasakhale pa PRI. Mukamva fungo la petulo m'nyumba, musayatse machesi kuti muone pamene pakudontha. Tsegulani zitseko, tulutsani ana, kenaka tulutsani njinga. Mayi kapena mlongo angathe kuphunzira kuyang'ana kampopi madzulo aliwonse monga amayang'anira ngati khola la mbuzi latsekedwa.

Ndipo inu anyamata, njinga ikakuzimirani panjira, musathamangire kumasula injini. Londolani mafuta kuchokera pamwamba kunka pansi, chimodzichimodzi: alimo m'thanki kodi, chivindikiro chikupuma kodi, kampopi kakuloza kuti, paipi ikutulutsa mwamphamvu kodi, ndipo chimene ikutulutsa ndi petulo kapena madzi. Botolo loyera, pulayala ndi paipi yatsopano yotalika mkono zisamachoke pansi pa mpando wanu. Tsalani bwino nonse, ndipo amene ali ndi ulendo wa pa Khwekhwelere atsike pang'onopang'ono.